Lole ya Agogo Sinali ya mu 1949

Kwathu ku Phalombe, kwa anthu a msinkhu wa amalume anga, lole iliyonse yakale ndi "Bedifodi". Ikhale ya mphuno yaitali, ikhale yophwatalala kumaso, ikhale yoti inasiya kuyenda Kamuzu asanabwere, dzina ndi lomwelo, monga mmene mankhwala otsukira mano aliwonse amakhalira Colgate pa okala. Inenso ndinakula ndikutero, ndipo sindinkaona vuto mpaka chaka chatha pamene dzinali linatsala pang'ono kundidanitsa ndi abale anga.

M'nyumba mwa agogo anga aakazi muli chithunzi chimodzi chokha cha malemu agogo aamuna ali mnyamata. Aima pambali pa lole, dzanja lina pa chitseko, malaya opisira, nkhope yosaseka ngati ya munthu amene wauzidwa kuti kujambulitsa n'kodula. Kuseri kwa chithunzicho kulibe deti, kulibe dzina. Koma nkhani yake aliyense pamtundu pathu amaidziwa: iyi ndi Bedifodi imene agogo anayendetsa pa njala ya 1949, kututa chimanga kuchokera ku Limbe kudzapulumutsa anthu kuchigwa cha Phalombe. Amalume anaikamba nkhaniyi pamaliro a agogo, anthu n'kumagwedeza mitu. Anaikambanso pomanga chiliza. Ndipo nthawi zonse amamaliza ndi mawu akuti lole yakeyo ikadalipo, ndi chibade chija chili kuseri kwa sitolo yakale pamsika, chimene ana amaseweramo chibisalirano ndipo mbuzi zimausamo dzuwa.

Ndili chaka chachitatu ku Zomba tinapatsidwa ntchito yolemba mbiri ya chinthu chimodzi cha kwathu, pogwiritsa ntchito zokamba za anthu komanso umboni wina wooneka ndi maso. Ndinasangalala, ndinati yanga ndiye yatha kale. Ndili ndi chithunzi, ndili ndi nkhani, ndili ndi lole yeniyeniyo. Chinawonjezera changu n'chakuti mwini malo a sitolo ija anali atayamba kukambirana ndi anyamata ogula zitsulo zakutha, amene masiku ano akusesa chilichonse m'midzimu, kuyambira mapoto obooka mpaka makasu a agogo. Ndinkafuna kulemba chibadecho chisanapite pa sikelo.

Ndisanafike pa zimene ndinapeza, ndifotokoze kaye mmene malole amenewa anafikira kuno, chifukwa ambiri a ife timangoganiza kuti popeza Angelezi ankatilamulira ndiye kuti galimoto zonse zinali zawo kuyambira pachiyambi. Sizinali choncho.

Lole isanabwere, lole anali munthu. Njira yodutsa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamene atsamunda anamanga Fort Lister mu 1893, inali njira ya akapolo ndi minyanga kulowera kunyanja ya mchere. Ukapolo utatha, katundu sanatsike pamutu. Anangosintha mwini. Amtengatenga ndi amene ankasenza thonje, fodya, mchere, nsalu, ngakhale mzungu amene pa machila. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anthu pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anagwira ntchito ya mtengatenga, ndipo ambiri sanabwerere kwawo. Njanji ya Shire Highlands inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo siteshoni ya Luchenza ndi imene inkatumikira minda ya tiyi ya ku Mulanje, koma njanji siikhota kukafika ku Migowi kapena ku Chiringa. Mtunda wotsalawo, kuchoka pamunda kufika pa siteshoni, ndi umene lole inadzalanda kwa mutu wa munthu.

Chimene chinandidabwitsa powerenga n'chakuti Nyasaland inali m'gulu la mayiko a pangano la chigwa cha Congo, lochokera ku msonkhano wa ku Berlin wa 1885, lomwe linkaletsa boma kukondera katundu wa dziko limodzi pa msonkho wolowera. Choncho nkhondo yachiwiri isanayambe, Ford ndi Chevrolet za ku America zinkapikisana momasuka ndi galimoto za ku Britain, ndipo m'misewu yafumbi ya mu Africa muno za ku America zinkakondedwa. Zinthu zinatembenuka nkhondo itatha mu 1945. Britain inali ndi ngongole zambiri, madola anali osowa, ndipo mayiko onse ogwiritsa ntchito paundi anapanikizidwa kuti asamagule katundu wa madola mwachisawawa. Mafakitale a ku England nawonso ankauzidwa ndi boma lawo kuti azigulitsa kunja ngati akufuna kupatsidwa chitsulo. Onjezanipo malole otsala kunkhondo amene ankagulitsidwa motchipa. Apo ndiye pamene misewu yathu inadzazira Bedford, Austin, Morris, Commer, Leyland, Albion ndi Thames. Anatisankhira ndi mavuto a ndalama a ku London.

Ndipo "Ungelezi" wakewo ndi wofunika kuuyang'ana kawiri. Bedford inali ya kampani ya Vauxhall ya ku Luton, imene General Motors ya ku America inagula mu 1925. Dzina la Bedford linayamba mu 1931, ndipo injini yake yoyamba ya masilinda 6 inachokera ku Chevrolet. Thames nayo inali Ford yopangidwira ku Dagenham. Ndiye lole imene amalume amaitcha yachingelezi yeniyeni, agogo ake ndi a ku Detroit.

Tsopano kusiyanitsa kwake. Ndinaphunzira zambiri kwa makaniko wina wachikulire wa ku Limbe, amene anayamba ntchito ali mnyamata wotsuka masipanala, ndipo zina ndinatsimikiza poyerekeza ndi zithunzi za m'mabuku a makampaniwo zomwe zili pa intaneti. Chinthu choyamba chimene bamboyo anandiuza n'chakuti ndisiye kuyang'ana bodi. Malole ambiri ankabwera kuno ali chasisi ndi mutu basi, bodi n'kukhomeredwa konkuno ndi matabwa kapena zitsulo, ndipo lole imodzi inkatha kusintha bodi katatu pa moyo wake. Injini nayonso si mboni yodalirika, chifukwa ya petulo ikatopa ankaikamo ya dizilo ya mtundu wina. Chosanama kwambiri ndi mutu: mphuno, galasi la kutsogolo, malo a nyali, ndi mmene zitseko zimatsegukira.

Funso loyamba ndi la mphuno. Pali malole amene injini ili kutsogolo, dalaivala n'kukhala kumbuyo kwake, ndipo pali ena amene dalaivala amakhala pamwamba kapena patsogolo pa injini, kumaso kuli phwatalala. Ku Britain ophwatalalawo anapambana msanga chifukwa malamulo a kutalika kwa galimoto ankapangitsa kuti mphuno ikhale kuwononga malo a katundu. Kuno madalaivala ankakonda ya mphuno. Makaniko uja anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukagunda mtengo ndi ya mphuno, umayamba wamva kuti injini yafa. Ukagunda ndi inayo, injini ndi imene imamva kuti iwe wafa." Palinso chifukwa china chosachititsa nthumanzi: ya mphuno umangotsegula boneti pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kukonza.

Pa Bedford za mphuno, mibadwo yake imaoneka bwino ukaidziwa. Za mtundu wa O, zimene zinatuluka mu 1939 n'kupitirira nkhondo itatha, zili ndi mphuno yopapatiza yozungulira kutsogolo, madigadi oima paokha, nyali zotuluka ngati maso a nkhanu, ndi galasi la kutsogolo logawika pawiri, chitsulo pakati. Mlongo wake wa kunkhondo, OY, anamudula zokongoletsa zonse: mphuno yake ndi ya makona, yophwatalala ngati bokosi, kuti ipangidwe msanga ndi chitsulo chochepa. Mu 1953 kunabwera TA, yonenepa masaya, yofanana kwambiri ndi Chevrolet za nthawi imeneyo, koma galasi likadali logawika pawiri. Kenako mu 1958 kunabwera TJ, imene ambiri amangoti J, yokhala ndi manambala monga J2, J5 ndi J6 malinga ndi kulemera kwa katundu amene inkanyamula. Iyi boneti yake ndi yotsetsereka kutsogolo kuti dalaivala aziona msewu pafupi, ndipo galasi lake ndi limodzi, lalikulu, lopindikira m'mbali. Ku Britain anasiya kuigulitsa mu 1975, koma anapitiriza kuipangira mayiko akunja kwa zaka zambiri. Ku India inkapangidwa ndi Hindustan Motors, ndipo ku Pakistan mpaka lero malole okongoletsedwa mochititsa kaso aja ambiri ndi a mtundu umenewu. Munthu wa kuno akati "Bedifodi" n'kutseka maso, kawirikawiri chimene akuona ndi TJ.

Zophwatalala za Bedford nazo zili ndi mibadwo. S ya 1950 ndi yotupa kumaso ngati dzungu, ndipo mutu womwewo anaukweza pamwamba pa matayala akuluakulu kupanga RL ya asilikali, yokoka ndi matayala onse anayi. TK ya 1960 ndi yamakona, yagalasi lalikulu, ndipo chizindikiro chake ndi timakomo tiwiri kuseri kwa zitseko, timene umatsegulira m'mwamba kuti ufike pa injini, chifukwa mutu wake sugwada. Wogwada kutsogolo ndi wa TL ya 1980. Mutu wa TK ukauona uli pamwamba kwambiri, pa matayala a m'matope, imeneyo ndi MK ya asilikali kapena mng'ono wake MJ. (Inde, MJ. Nditamva koyamba ndinkayesa akunena nambala ya galimoto za ku Mulanje. Paja Phalombe inakhala boma palokha mu 1998, ndiye nambala ya PE pa lole yakale ndi ya dzulodzuloli.)

Mitundu inayo ili ndi zizindikiro zake zosaiwalika. Austin ndi Morris, zimene zinaphatikizana mu 1952 kukhala BMC, zinatulutsa FG mu 1960, lole imene zitseko zake zili pa ngodya za kumbuyo kwa mutu, zopendekeka, ndipo ili ndi timawindo tiwiri m'munsi mwa galasi toonera pansi. Ukaiona kamodzi sungaisokonezenso ndi ina. Commer ya injini ya TS3, ya 1954, ankaidziwa ndi khutu isanatulukire pakona: masilinda atatu, mapisitoni 6 oyang'anizana, kulira kwake kokhala ngati ikuthamanga kwambiri pamene ikukwawa. Albion ya ku Glasgow inali ndi chizindikiro cha dzuwa lotuluka pamphumi. AEC inali ndi chizindikiro cha makona atatu. Bedford inali ndi chilombo cha mapiko chogwira mbendera.

Koma pali msampha, ndipo makaniko uja anandichenjeza. Makampani ena ankagula mitu kwa wopanga mmodzi. Leyland Comet ya 1947 inkagwiritsa ntchito mutu wa kampani ya Briggs, umene unalinso pa Thames ndi Dodge za nthawi yomweyo. Kuyambira 1958, Leyland, Albion ndi Dodge zinkavala mutu umodzi wotchedwa LAD, kutengera zilembo zoyamba za mayina atatuwo. Leyland inali itagula kale Albion mu 1951, n'kudzagulanso AEC mu 1962, ndipo pofika 1968 zonsezi pamodzi ndi Austin ndi Morris zinali m'khola limodzi la British Leyland. Zikafika apo umasiya mutu n'kugwada pansi, kufufuza kachitsulo ka nambala ya chasisi, kuwerenga mabawuti a tayala, kuona mmene ekiselo ya kumbuyo inapangidwira. Bamboyo anandiuzanso kanthu kena kamene kanaliza anyamata ambiri ophunzira ntchito: pa malole achingelezi ambiri, manati a matayala a kumanzere amamasukira mbali yosiyana ndi ya masiku onse. Wosadziwa amalimbana nawo mpaka kuthyola bawuti, akuganiza kuti ndi dzimbiri.

Nditaphunzira zonsezi ndinabwerera ku chithunzi chija, chimene ndinali nditachijambula pa foni. Ndinachikulitsa. Boneti yotsetsereka. Galasi limodzi, lopindikira m'mbali, lopanda chitsulo pakati. Mtima unagunda. Ndinachitumiza kwa makaniko uja osamuuza kalikonse, ndipo yankho linabwera la mawu awiri: "J imeneyo." Lole imene inayamba kupangidwa mu 1958 singakhale pa chithunzi cha 1949. Palibe njira yozembera. Ungakane zimene munthu wanena, koma sungamuimike munthu pambali pa galimoto imene ikadali zaka 9 kuti ipangidwe.

Ndinapita kumudzi pa holide ndili ndi chiyembekezo chakuti mwina chibade cha pamsika chindipulumutsa. Ndinapempha chilolezo kwa mwini malo, n'kulowa m'zitsamba ndi chikwanje. Chinthu choyamba chimene ndinaona n'chakuti mphuno yake si ya J. Ndi yaifupi, yobulungira, yongotuluka pang'ono ngati ya nkhumba, moti theka la injini linkakhala mkati mwa mutu. Chilombo cha mapiko panalibe. Pakati pa mabowo a nyali panatsala zilembo ziwiri zotalikirana, R ndi D, ndi zipsera za zina zinayi. TRADER. Inali Thames Trader ya Ford, imene inapangidwa kuyambira 1957 mpaka 1965, ndipo zilembo zotalikirana pakati pa nyalizo ndi za mtundu wake wachiwiri, umene unayamba mu 1962. Ndiye chibade chimene takhala tikuchilozera alendo zaka zonsezi si Bedford n'komwe, si cha pa chithunzi, ndipo si cha 1949.

Ndinakhala pa sitepe yake kwa nthawi ndithu. Kunena zoona ndinaganiza zongolemba nkhaniyo mmene amaikambira amalume. Ndani akanadziwa? Aphunzitsi anga ndi akatswiri a mbiri ya ndale, sakanapita kukawerenga magalasi a malole.

Sindinatero, koma ndinalakwitsa njira. Ndinakawauza amalume madzulo, pa khonde, pali anthu, foni ili m'manja ngati loya. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa modekha kwambiri: "Ndiye ukuti bambo anga anali abodza?" Ndinati ayi amalume, ine ndikunena za galasi. Anati, "Sukulu imeneyi tikukulipirira kuti uzidzatiwerengera magalasi?" Analowa m'nyumba. Amayi sanandiyankhule usiku umenewo, ndipo kutacha anangoti, "Ukapepese kwa atsibweni ako." Kwathu amalume si munthu woti ungamuchititse manyazi pagulu n'kugona tulo tabwino. Ndinakapepesa, ndipo ndinapepesa moona, osati chifukwa cha zimene ndinapeza koma chifukwa cha khonde lija.

Amene anamasula mfundo ndi agogo aakazi, amene pa zaka zonsezi palibe anawafunsapo, poti nkhani ya malole timaiyesa ya amuna. Ndinawapeza akusola nandolo. Nditawaonetsa chithunzicho anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, pa njala ija agogo akowo anali ndani woti n'kupatsidwa galimoto? Anali kamnyamata. Ntchito yawo inali kukweza matumba ndi kupukusa hendulo kutsogolo kuti ilire. Ikafika pokwera, iwo ankathamanga pambuyo ndi chipika choika kutayala."

Ndinafunsa ngati ankaikumbuka galimoto ya nthawi ya njalayo. Anati iwo anali mwana, koma ankaiona ikubwera pamsika, ndipo agogo aamuna ankaikamba kawirikawiri atakwatirana. Inali yobiriwira ngati ya asilikali, mphuno yake ngati bokosi, magalasi awiri. Pamenepo tsitsi linandiimirira, chifukwa mayi amene sanaonepo buku la Bedford anali atangondifotokozera OY, lole yotsala kunkhondo, yomwe ikugwirizana ndendende ndi chaka cha 1949.

Nanga chithunzichi? "Chimenecho anajambulitsa chaka chimene tinavota koyamba. Ndinali ndi pakati pa amalume akowo. Mmwenye wa sitolo anali atangogula galimoto yatsopano, n'kuwapatsa iwo kuti aziyendetsa, poti anali atapeza laisensi. Anavala malaya a ukwati." Chisankho chimenecho ndi cha mu Ogasiti 1961, ndipo amalume anabadwa chaka chomwecho. TJ ya 1958 ikukwana bwinobwino. Chibade cha pamsika anati chinabwera pambuyo, inali galimoto yachiwiri ya sitoloyo, ndipo agogo anaiyendetsanso mpaka pamene amwenye anachotsedwa m'midzi. Izi zinachitika m'zaka za m'ma 1970, boma la Kamuzu litalamula kuti amalonda achimwenye achoke kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atasonkhanitsidwa m'mizinda ikuluikulu. Galimotoyo inatsala ndi amene anagula sitolo, inayenda pang'ono, inasowa zipangizo, inakhala pansi.

Choncho panali malole atatu, ndipo pakamwa pa anthu anasungunuka n'kukhala imodzi. Sindikuona kuti pali amene ananama. Nkhani ikamakambidwa pamaliro imafuna chinthu chimodzi chogwirika, ndipo chithunzi chinalipo chimodzi, chibade chinalipo chimodzi, njala yotchuka inalipo imodzi. Megan Vaughan, amene analemba buku la njala ya 1949 pogwiritsa ntchito kwambiri zokamba ndi nyimbo za amayi a m'boma la Blantyre, anaonetsa kuti amayi ndi abambo ankaikumbuka njalayo mosiyana. Ine ndinaziona ndekha pa mphasa ya agogo. Amalume anasunga ulemu wa bambo awo. Agogo anasunga chipika ndi hendulo.

Ndipo kwa ine mbiri yoonayo ndi yolemera kuposa yokongoletsedwa ija. Taganizani: mwana wa Alomwe amene makolo ake anawoloka kuchokera ku Mozambique n'kudzagwira thangata, akuyamba ngati wothamanga ndi chipika kumbuyo kwa lole yotsala kunkhondo, ndipo patapita zaka 12 ali pa chiwongolero cha galimoto yatsopano, chaka chimene anthu akuda akuvota koyamba mwaunyinji. Udalaivala nthawi imeneyo unali ngati uphunzitsi kapena ukalaliki. Munthu ankadziwa Limbe, ankabwera ndi nkhani, ankabwera ndi sopo. M'chigwa chathu cha dothi la makande, limene mvula ikagwa limagwira tayala ngati ulimbo, dalaivala wodziwa kutulutsa lole m'matope ankatchuka kuposa mfumu zina.

Malole amenewa ndi amene anasenza zaka zimene timaphunzira m'kalasi ngati mitu ya mayeso. Ananyamula fodya ndi thonje kupita ku misika ya Farmers Marketing Board, imene inadzakhala ADMARC mu 1971. Ananyamula nsomba za ku Chilwa, nandolo, mpendadzuwa. Ananyamula omangidwa pa 3 Malichi 1959. Ananyamula amayi a mbumba kupita kukavina, ena mokondwa, ena mokakamizidwa. Ananyamula maliro, akwati, matimu a mpira, ndi matola amene apolisi ankawaletsa koma aliyense ankakwera. Komabe mukafufuza m'mabuku athu a mbiri mupeza masamba ambiri a njanji, ngongole zake ndi mlatho wa Dona Ana wa 1935, koma lole imangotchulidwa modutsa. Ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti njanji inali ya boma ndi makampani akuluakulu, inasiya mafaelo ku Zomba. Lole inali ya mmwenye wa pasitolo, ya mishoni, ya mlimi amene anabwera ndi ndalama za ku Joni, ndipo mapepala ake anadyedwa ndi chiswe.

Kutha kwake kunabwera mwakachetechete. Isuzu, Toyota, Nissan, Mitsubishi ndi Tata zinayamba kulowa, zosamwa mafuta kwambiri, zipangizo zake zopezeka. General Motors yomweyo, mwini wa Bedford, inagula gawo la Isuzu mu 1971. Mu 1986 inalengeza kuti ikusiya kupanga malole akuluakulu a Bedford, ndipo fakitale ya ku Dunstable inagulitsidwa mu 1987 kwa kampani ya AWD, imene inapitiriza kupanga TJ ndi TL mpaka inagwa mu 1992. Leyland nayo inaphatikizidwa ndi DAF ya ku Netherlands mu 1987. Dzinalo likadali moyo ku India, n'chifukwa chake mukaona Ashok Leyland pamsewu wa Chiradzulu musadabwe, ndi mdzukulu wa Comet uja. Masiku ano mchenga ndi miyala zikututidwa ndi FAW ndi Howo za ku China, ndipo ndikukhulupirira kuti zaka 50 zikubwerazi mdzukulu wa wina adzakhala akukangana ndi amalume ake kuti "Sinotiraki" ya pa chithunzi inali iti.

Anzanga amene mukuphunzira mbiri, kapena muli ndi chithunzi chakale kwanu chopanda deti, yang'anani zimene zili kumbuyo kwa munthuyo. Galimoto singakuuzeni chaka chenicheni, chifukwa kuno lole inkayenda zaka 30, koma imakuuzani chaka chimene chithunzicho sichingapitirire kubwerera m'mbuyo. Nambala ya galimoto, ndalama imene ili pa chikwangwani cha mitengo (paja kwacha inayamba mu 1971), mbendera, yunifolomu ya wapolisi, zonsezi zimagwira ntchito yomweyo. Mukatero mukafunse agogo aakazi musanapite pa khonde.

Ntchito yanga ndinapereka, ndipo ndinalemba za malole atatu. Amalume ndinawapititsira kope, pamodzi ndi chithunzi chija nditachikulitsa ku Zomba n'kuchiika m'felemu, pansi pake nditalemba kuti 1961. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa ngati n'zoona kuti mayi awo anali ndi pakati pa iwo tsiku limenelo. Ndinati agogo ndi amene anena. Anachipachika pabalaza, pamwamba pa wailesi.

Ogula zitsulo anabwera mwezi wa Okutobala ndi gasi wodulira. Ndinali kusukulu, koma msuweni wanga ananditumizira vidiyo: anayamba ndi denga la mutu, kenako zitseko, chasisi n'kuidula patatu kuti ikwane pa Canter imene anabwera nayo. Ndinali nditamupempha kuti andichotsereko zilembo ziwiri zija, ndipo anakwanitsa imodzi, R, inayo inathyoka. Amalume anali pomwepo, manja kumbuyo. Mu vidiyomo akumveka akuuza mmodzi wa anyamatawo kuti adule bwino, imeneyo si Bedifodi wamba, ndi Thames.